Kabureta Yatsopano pa Njinga Yakale

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO IZILALE. PHOKOSO LA MUNTHU AKUPONDA KIKI YA NJINGA YAMOTO. KAWIRI IKUKANA, KACHITATU IKUTSOKOMOLA N'KUZIMA.)

MUULUTSI:  Phokoso mwamvalo palibe amene sakulidziwa. Ndi njinga imene mwini wake waiponda mpaka thukuta kamukamu, mayi wa kunyumba ali chiimire pambali, mwana ali kumbuyo, akuchedwa ku sikelo. Ndipo pa anthu oonerera sipalephera kupezeka mmodzi wonena kuti, "Achimwene, imeneyo ndi kabureta. Kaguleni yatsopano."

Mawu amenewa amalowa msanga m'khutu nyengo ino, soya atagulitsidwa, mtedza utagulitsidwa, m'thumba muli kanthu. Choncho lero tikambe za kabureta yogula payokha mu shopu, yosachokera ku fakitale imene inapanga njinga yanu. Tione kasankhidwe kake, kamangidwe kake, makamaka kachunidwe kake, kuseta kuja amanena amakaniki.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi ka 125 kogula kwa munthu. Kanayamba ulesi pa zitunda, m'mawa kudzuka movutikira, petulo kumwa ngati kali ndi ludzu la mu Okutobala. Ndinakwera kupita ku Chipata, ndinalowa mu shopu ina ya masipeya, dzina lake lisiyeni. Mnyamata wogulitsa anaika mabokosi awiri pa kauntala, lina lolembedwa PZ26, lina PZ30. Amvekere, "Bwana, 26 iyi ndi ya azigogo. Ikani 30 muone mmene iulukire." Ine ndani kukana kuuluka? Ndinalipira, ndinabwera nayo, ndinaimanga ndekha pansi pa mtengo wa mango, ana atandizungulira. Njinga inalira, ndipo ili chiimire inkabangula mochititsa mantha nkhuku. Koma nditakweza thumba limodzi la chimanga n'kuti ndinyamuke, inangoti "bwooo", n'kuzima. Masabata awiri ndinavutika nayo, ndikupotokola sikuluwu iliyonse imene ndinaiona. Pomaliza ndinaikankha kupita nayo kwa mkulu wina wokonza njinga. Poyamba iye sanaikhudze n'komwe kabureta. Anatsegula bokosi la mpweya m'mbalimu, natulutsa siponji imene inali itauma ndi fumbi lofiira ngati chidutswa cha njerwa. Anandiyang'ana nati, "Bambo, munthu akudwala chimfine, inu mwakamugulira mano atsopano."

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Kuti timvane bwino, tiyambe tadziwa ntchito ya kachitsulo kameneka. Injini siyendera petulo yekha. Imayendera petulo wosakanizidwa ndi mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo wambiri kutalitali. Kuti petulo apse bwinobwino, kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Mpweya ndi wopepuka, ndiye tikaziika m'miyeso imene timaidziwa, lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wodzaza madiramu aja a malita 210 opitirira 40. Lita imodzi yokha. Mpweya wonsewo umadutsa m'siponji ija, kenako m'khosi la kabureta, kabowo kosakwana kulowetsamo zala ziwiri.

Khosi limenelo analipanga lopanikizika pakati mwadala. Mukaima m'mbali mwa Nsadzu nthawi ya dzinja mudzaona kuti pamene mtsinje watambalala madzi amayenda mwaulesi, koma pamene wapanikizika pakati pa miyala amathamanga. Mpweya nawo umatero, ndipo ukamathamanga pa malo opanikizikawo umayamwa chilichonse chili pafupi. Munthu wa ku Italy dzina lake Giovanni Battista Venturi analemba za zimenezi m'chaka cha 1797, njinga zamoto zisanabwere, ndipo mpaka lero khosi la kabureta limatchedwa ndi dzina lake. Pansi pa khosilo pali kambale kosungira petulo, ndipo mpweya wothamangawo ndi umene umamukoka petuloyo kudzera m'timabowo ta mkuwa totchedwa majeti. Kawirikawiri mulibe pampu yokankha petulo kuti azikwera, n'kuyamwa kokhakokha.

Apa ndi pamene mnyamata wa ku Chipata uja anandigwetsera. Nambala ija, 26 kapena 30, imanena za kukula kwa kabureta, ndipo ikakwera khosi nalo limakula. Injini ya 125 imakoka mpweya wochepa pa kupuma kulikonse. Mukaipatsa khosi lalikulu, mpweya wochepa uja umadutsa mwaulesi ngati madzi pa dambo, sukoka petulo mokwanira, ndipo nthawi imene mukufuna mphamvu kwambiri, ponyamuka ndi katundu, ndi pamene njinga imakomoka. Khosi lalikulu limathandiza injini ikamazungulira mothamanga kwambiri, pa mpikisano. Nanga ife pakati pa Mlolo ndi Chadiza, m'mchenga ndi m'maenje, tili ndi matumba awiri kumbuyo, timathamanga kangati chotero? Pa mainjini ofala aja otengera Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 ndipo mafakitale ambiri a ku China akhala akuikopera, chizolowezi n'chakuti 125 imayenda ndi PZ26, 150 ndi PZ27, ndipo PZ30 ndi ya 200 kapena 250. Tinjinga ta 110 timatenga PZ19. Kulumpha muyeso umenewu n'kugula vuto ndi ndalama zanu zomwe.

Musanapite ku shopu, chitani zimene mkulu uja anachita pa njinga yanga. Tsegulani siponji ya mpweya, muichape, iume, muidontheze oilo pang'ono n'kuifinya. Ngati sefa yanu ndi ya pepala, imeneyo sachapa, amasintha. Onani pulagi. Pimitsani mavalavu injini itazizira, chifukwa valavu yothina imapangitsa njinga kuvuta kudzuka ndi kuzima pa silo mofanana ndendende ndi kabureta yodwala. Chotsani paipi ya petulo muone ngati akutsika bwino kuchokera mu thanki. Pindani pang'ono labala imene imalumikiza kabureta ndi injini, muone ngati ilibe ming'alu. Kenako tsukani kabureta yakale yomweyo. Njinga zambiri zimachira zisanafike pa sitepe yogula.

Ilipo nthawi imene yakale yathadi. Silaidi, kachitsulo kokwera ndi kutsika mukamapotokola thirotulo, ikadyeka mpaka kumagwedera m'nyumba yake, fumbi lathu lagwira ntchito yake ndipo palibe kuseta kumene kungathandize. Chimodzimodzi thupi la kabureta likang'aluka, kapena mazinga a sikuluwu akatha. Zikatero pitani mukagule, koma yakaleyo muinyamule m'thumba. Muziike pamodzi pa kauntala. Mabowo a mabawuti atalikirane chimodzimodzi, kukamwa kwa mbali ya siponji kufanane, choki ikhale ya mtundu womwewo, kaya ya chala kaya ya kebulo. Ena mwa ma PZ30 amabwera ndi kapampu kam'mbali kofuna makebulo awiri, pamene njinga yanu ili ndi imodzi. Eni a Bajaj Boxer ndi TVS, samalani kwambiri pamenepa, musangoganiza kuti iliyonse yolembedwa 150 ikukwanirani. Za dzina la pa bokosi, Keihin ndi Mikuni ndi makampani enieni a ku Japan odziwika pa ntchito imeneyi, koma dzina kulidinda pa chitsulo n'kosavuta. Mtengo ukakhala wotsika modabwitsa, dziwani kuti mwagula yokopera. Sindikunyoza zokopera, zambiri zimagwira ntchito zaka. Chimene ndikunena n'chakuti musaikhulupirire mmene yatulukira m'bokosimo.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba mukafika kunyumba ndi kuitsegula, ngakhale ili yonyezimira. Yalani nsalu yoyera pa tebulo kapena pa thumba, osati pa dothi, chifukwa kasipuling'i kakagwera mu mchenga mudzakafuna mpaka nkhuku kulowa. Masulani kambale ka pansi. Nthawi zina mumapezeka tizinyenyeswa ta chitsulo totsalira ku fakitale, ndipo kamodzi kokha n'kokwanira kutseka jeti. Masulani majeti awiri aja, yaikulu ndi yaing'ono, muyang'anire ku dzuwa ngati kuwala kukudutsa, muwerenge manambala ake, muwalembe m'kabuku. Chitaninso chimodzimodzi ndi a m'kabureta yakale. Manambala a yakaleyo ndiwo anasankhidwa ndi anthu amene anapanga injini yanu, ndiye ndi poyambira pabwino, ndipo ngati mazinga akugwirizana mutha kungosamutsa majeti akalewo kuwaika mu yatsopano. Pa majeti a mtundu wa Keihin, nambala imayendera kukula kwa bowo: 100 ndi bowo la pafupifupi milimita imodzi, 38 ndi kabowo kosafika theka la milimita. A Mikuni amawerenga mwa njira yawoyawo, choncho 100 wa uku si 100 wa uko.

Ndipo chonde, jeti satokosa ndi singano yosokera kapena waya wa bureki. Mkuwa ndi wofewa. Mukangokanda kamodzi, 38 uja wasanduka 45 ndipo sadzabwereranso. Iviikeni mu petulo, muipope ndi pampu ya njinga yakapalasa. Ikakanitsitsa, kaubweya kamodzi ka burashi ya pulasitiki n'kokwanira.

(PHOKOSO LA MASIPANALA PA CHITSULO)

Pomanga, tsekani kaye kampopi ka petulo, ndipo mbaula, ndudu ndi ana zikhale kutali. Pakati pa kabureta ndi injini pamakhala gasiketi kapena kamphete ka labala, ndipo pa njinga zambiri palinso kachidutswa kakuda kochindikala koletsa kutentha kwa injini kufika pa kabureta. Musakataye poganiza kuti n'kopanda ntchito. Gasiketi ikhale yatsopano. Silikoni pamenepa ayi, petulo amamusungunula n'kumutengera m'kati. Mabawuti awiriwo muziwamanga mosinthanasinthana, uku pang'ono uko pang'ono, kuti nkhope zikhalane mofanana. Kabureta iime chilili, isapendekeke, chifukwa m'kambale muja muli fuloti yoyandama pa petulo ngati chikho mu mtsuko, ndipo ndi imene imatseka petulo akafika pa muyeso wake.

Silaidi ili ndi mbali. Ili ndi mzere wautali umene umayenda pa kachikhomo m'kati mwa nyumba yake, ndipo mbali yodulidwa mopendekera imayang'ana ku siponji. Mukailowetsa mozondoka imakakamira m'mwamba, ndipo njinga ikangolira imakuwa ngati yagwidwa ndi mizimu. Musanalize injini, potokolani thirotulo n'kuisiya, mumve silaidi ikugwa pansi kuti "tha". Khotetsani mahandulo mbali zonse ziwiri, muyesenso. Thirotulo ikhale ndi kampata kosewera, mamilimita awiri mpaka asanu ndi limodzi, isanayambe kukoka. Kebulo ikakhala yaifupi, njinga idzadziwonjezera moto yokha pokhota, ndipo zimenezo zagwetsapo anthu.

Tsegulani petulo, dikirani mphindi imodzi. Akamadontha pa kapaipi ka pansi, gogodani kambale ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, mwina fuloti yangokakamira. Akapitiriza, tsegulaninso. Muyeso wa petulo m'kambale mutha kuuona ndi kapaipi koonekera m'kati: kalumikizeni potulukira pansi, mukapindire m'mwamba m'mbali mwa kabureta, mumasule sikuluwu yokhetsera. Petulo aime pafupi ndi pamene kambale kakumana ndi thupi, m'munsi pang'ono. Muyeso umenewu ukalakwika, zonse zimene tikambe kutsogoloku zikhala kutaya nthawi.

Tsopano kuseta. Apa khalani pansi, amene mukusenda chimanga imani kaye.

M'kabureta muli njira zitatu za petulo, ndipo iliyonse ili ndi dera lake pa dzanja lanu lamanja. Kuyambira thirotulo yotseka kufika pa kota, ikulamula ndi jeti yaing'ono pamodzi ndi sikuluwu yake. Kuyambira pa kota kufika pa makota atatu, ikulamula ndi singano yolendewera pansi pa silaidi. Kuchokera apo mpaka kumapeto, ndi jeti yaikulu. Ndiye funso loyamba njinga ikamavuta si lakuti ikuthamanga bwanji, koma lakuti dzanja lili pati. Matani kapepala pa thirotulo, mulembe zizindikiro zinayi, kuti muziona ndi maso. Anthu ambiri amalimbana ndi kasikuluwu ka m'mbali pofuna kuchiza vuto la pa liwiro lalikulu, pamene kasikuluwuko kumeneko kalibe mawu.

Injini iyambe yatentha. Yendani nayo mphindi khumi, choki itatsegulidwa. Kuseta injini yozizira kuli ngati kuyesa mchere m'ndiwo zosapsa. Ikatentha, ilekeni ilire payokha, muthire petulo pang'ono kapena mankhwala otsukira kabureta pa malumikiziro a pakati pa kabureta ndi injini, mosamala, kutali ndi ekizozi ndi waya wa pulagi. Kulira kukasintha, pali pamene mpweya ukulowera mozemba, ndipo muyambe mwatseka pamenepo.

M'mbali muli masikuluwu awiri. Yaikulu, imene imakankha silaidi, ndi yokweza kapena kutsitsa silo basi. Inayo ndi ya kasakanizidwe, ndipo apa pali msampha. Ikakhala mbali ya siponji, ndi sikuluwu ya mpweya: kuimasula n'kuwonjezera mpweya. Ikakhala mbali ya injini, kawirikawiri chapansi, ndi sikuluwu ya petulo: kuimasula n'kuwonjezera petulo. Anthu awiri akhoza kukangana tsiku lonse pa msika, wina akuti kumasula kumachepetsa mafuta, wina akuti kumachulukitsa, onse akunena zoona za njinga zosiyana.

Sikuluwu ya kasakanizidweyo imangeni pang'onopang'ono mpaka ingokhudza, osafinya, chifukwa nsonga yake ndi yosachedwa kuphwanyika. Ibwezeni kamodzi ndi theka. Kwezani silo pang'ono ndi sikuluwu yaikulu ija. Tsopano potokolani ya kasakanizidwe kota imodzi, muwerenge mpaka khumi, mumvetsere. Kota inanso, mumvetsere. Kulira kukayamba kutsika, bwererani mbali inayo. Mukufuna malo amene injini ikulira mokwera ndi mosadukiza kuposa pena paliponse. Mukawapeza, tsitsani silo ndi sikuluwu yaikulu kufika pamene injini ikuguguda modekha, pafupifupi 1,400 pa mphindi kwa amene muli ndi wotchi yake. Werengani kuti mwamasula kangati. Ngati malo abwinowo apezeka sikuluwu isanakwane kuzungulira kumodzi, kapena itapitirira katatu, jeti yaing'ono si ya saizi yake, ndipo yofunika kusintha ndi jetiyo.

(PHOKOSO LA INJINI IKULIRA PA SILO, POYAMBA MODUKIZA, KENAKO MOSALALA)

Mwamva kusiyana kwake? Khutu ndicho chida chachikulu pa ntchito imeneyi. Petulo akachepa, mukasiya thirotulo injini imachedwa kutsika, imakhala ngati yapachikika m'mwamba, ekizozi imaphulika "pha pha pha" potsetsereka, ndipo mukatsegula mwadzidzidzi imati "bwooo" ngati yabanika. Petulo akachuluka, imalira mwachibwibwi, "bru-bru-bru", ekizozi imanunkha petulo wosapsa ndi kutulutsa utsi wakuda, ndipo imadzuka popanda choki ngakhale m'mawa wa mu Juni koma ikatentha imalemera. Choki ndi mboni yabwino: mukatseka pang'ono njinga n'kuyenda bwino, petulo anali wochepa. Ikaipiraipira, anali wochuluka kale. Utsi wobiriwira ngati mtambo, umenewo ndi oilo, nkhani ya maring'i, kabureta musainamizire.

Dera la pakati ndilo timakhalamo tsiku lonse, ndiye singano ndiyo imadya kapena kusunga ndalama zanu. Kumutu kwake kumakhala timizere, kawirikawiri tisanu, ndi kakilipi. Yambirani pa mzere wapakati. Mukatsitsa kilipi kupita ku nsonga, singano imakwera ndipo petulo amachuluka. Mukakweza kilipi, singano imatsika, petulo amachepa. Zimamveka zozondoka, n'chifukwa chake ndabwereza: kilipi pansi, petulo wambiri. Sunthani mzere umodzi wokha, mukayese pa msewu womwewo, ndi katundu yemweyo. Pochotsa kilipiyo ikani manja m'thumba la pulasitiki, imadumpha ngati nthata.

Jeti yaikulu imayesedwa pa msewu wowongoka wokwera pang'ono, wopanda ana a sukulu, ng'ombe kapena ngolo, chipewa cholimba chili kumutu. Tsegulani thirotulo yonse mu giya yapamwamba. Kenako bwezani dzanja pang'ono chabe. Njinga ikakhala ngati yapeza mphamvu pamene mwabweza, jeti yachepa. Ikamachita chibwibwi thirotulo ili yonse, jeti yakula. Kuti mutsimikize, yendani chotsegula choncho kwa kanthawi, gwirani kilatchi, zimitsani injini nthawi yomweyo, muime. Pulagi ikazizirako imasuleni. Yofiirira ngati tiyi wothira mkaka, zili bwino. Yakuda ya mwaye wouma, petulo wachuluka. Yoyera mbee ngati phulusa, imani pomwepo, muike jeti yokulirapo musanapitirire. Posankha pakati pa majeti awiri, ine ndimatenga yokulirapo. Ndipo lamulo limene ndinaliphwanya pansi pa mango paja: sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, ngakhale njinga itachira simudzadziwa chimene chaichiza.

Wina afunsa kuti, bwanji fakitale osangoseta zonsezi? Fakitale sidziwa kumene kabureta ikupita. Kuno ku Chadiza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wathu ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi wa ku Beira kapena Dar es Salaam. Mpweya ukapepuka, petulo yemweyo amakhala wochuluka. Choncho kabureta yosetedwa kunsi imabwera kuno ili yoledzera pang'ono. Zimagwiranso mobwerera. Inu amene mumawoloka malire pa Chanida kulowa Cassacatiza n'kutsetserekera ku Tete, mzinda umene uli pansi pa mamita 200 m'mbali mwa Zambezi, njinga imene mwaiseta mouma kuno ikafika kumeneko idzauma koposa, pa malo otentha kale. Nyengo nayo imasuntha zinthu: mpweya wozizira wa mu Juni ndi Julayi ndi wolemera, wa mu Okutobala ndi wopepuka. Kota imodzi pa sikuluwu imakwanira kulipira kusiyanako. Ndipo aliyense wochotsa bokosi la siponji n'kuikapo kasefa kooneka bwino kaja ka panja, kapena woboola ekizozi kuti izimveka mpaka ku Katete, wasintha kapumidwe ka injini ndipo ayenera kusetanso zonse. Kasefa ka panjako pa fumbi la mu Ogasiti, pamene malole ndi mabasi akuthamangira ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ine sindikakhulupirira ngakhale pang'ono.

Ndilankhuleko ndi achinyamata onyamula anthu pa njinga, a kabaza monga amanenera anzathu a ku Malawi. Ndikudziwa kuti mu 2022 bungwe la ERB linayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani ya mtengowo mumaitchera khutu. Ndikudziwanso chimene ambiri mumapempha kwa makaniki: "Mdala, itsekeni isamamwe." Iye amatsitsa singano mpaka pansi, amaika jeti yaing'ono, inu mumaona lita ikukufikitsani patali, mumasangalala. Koma njinga zathuzi zilibe madzi oziziritsa. Zimazizira ndi mphepo, ndi oilo, komanso ndi petulo yemweyo amene mukumumanayo. Moto wa petulo wochepa umatenthetsa mutu wa injini, ndipo pa chitunda, muli ndi anthu awiri ndi thumba, pamene mphepo yomenya injini yachepa, valavu ya ekizozi imapsa, pisitoni imatha kugwira kapena kubooka pamutu. Mukamva kulira kwa "ngwi-ngwi-ngwi" ngati timisomali m'chitini pamene mukukwera, injini ikukupemphani petulo. Werengerani mtengo wa pisitoni, maring'i, kuboola buloko, ndi masiku amene njinga ikhale pa mwala osagwira ntchito, muone ngati makobiri munasunga aja akufikapo. Njinga yosetedwa pa muyeso wake, matayala opopa bwino ndi tcheni chothira oilo zimasunga petulo popanda kuotcha kanthu.

Chotsiriza ndi petulo mwiniwakeyo. Kuno filing'i siteshoni si ya pakhomo, ndiye ambiri timagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Sindikuweruza, nanenso ndagulapo. Koma kwezani botolo ku dzuwa musanathire. Madzi amakhala pansi ngati timikanda, zinyalala zimaoneka. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho asakhalitse m'chigubu chosatseka bwino kapena m'njinga yongoimikidwa. Gulani kasefa kakang'ono koonekera m'kati kaja, muike pa paipi pakati pa thanki ndi kabureta, muvi wake uloze kumene petulo akupita. Kamodzi pa mwezi, makamaka m'dzinja, masulani sikuluwu ya pansi pa kambale, mukhetsere m'kachitini, muone chimene chatuluka. Njinga ikakhala masabata osayenda, tsekani kampopi, muilize mpaka izime yokha, kuti petulo asaumire m'majeti.

Kumaiko ena kabureta ikutha. Ku India, kumene kumachokera Bajaj ndi TVS, malamulo okhwima a utsi anayamba mu Epulo 2020, ndipo njinga zambiri zogulitsidwa kumeneko zinasamukira ku jekeseni ya petulo yoyendetsedwa ndi kakompyuta. Zimenezo zimadziseta zokha pa phiri ndi pa chigwa. Zikadzachuluka kuno tidzakambirana za izo, pamodzi ndi funso lakuti adzazikonza ndani zikadzafera pakati pa Mlolo ndi Chanida. Pakali pano tili ndi kachitsulo kotheka kukamasula ndi sikuludiraiva imodzi pa mthunzi.

Za ka 125 kanga kaja, mkulu uja atachapa siponji anamasula mavalavu amene anali atathina, natsuka kabureta yakale imene ndinali nditaiponya m'katoni, naibwezera. Anakhala chogwada, khutu lili pa injini, akupotokola kota, kudikira, kota, kudikira, osayankha ngakhale moni wa anthu odutsa. Kenako anaimirira nati ndikwezepo thumba lija. PZ30 ija ilipobe kunyumba, m'chitini cha penti pamwamba pa kabati. Amene ali ndi 200 ndipo akuifuna, tionane pa boma tsiku la msika.



(PHOKOSO LA KIKI KAMODZI, INJINI IKULIRA, IKUNYAMUKA, IKUZILALA CHAPATALI. NYIMBO YOTSEKERA.)